Mwalipira ngongole yomwe khoti linagamula kalekale? Nayi njira yoyeretsera dzina lanu kubanki

Anthu ambiri kuno ku Tete amakodwa pamalo amodzimodzi. Munthu anakongola kubanki zaka zapitazo, fodya sanachite bwino kapena ntchito ya kumgodi ku Moatize inatha, analephera kubweza, nkhani inakafika kukhoti ndipo woweruza anagamula kuti alipire. Patapita nthawi wapeza ndalama, wakapereka zonse, mtima wakhala pansi. Tsiku lomwe wapita kukapempha ngongole ina yogulira feteleza kapena malata, akumuuza kuti dzina lake likadali pa anthu osabweza. Wina amapeza kuti malipiro ake akudulidwabe. Wina akalephera kugulitsa galimoto chifukwa mapepala akusonyeza kuti khoti linaigwira.

Chimachititsa n'chakuti ngongoleyo inalembedwa malo atatu, ndipo malowo sauzana okha: m'mabuku a amene anakukongozani, m'faelo ya kukhoti, ndi m'kaundula yemwe mabanki amayang'anamo asanabwereketse munthu. Ndalama zanu zimatseka buku loyamba lokha. Kwinako muyenera kukafikako ndi miyendo yanu, pepala lili m'manja.

Kulipira kumasintha chiyani m'kaundula?

Kaundula wamkulu ndi Central de Registo de Crédito, yemwe ambiri amangoti CRC, ndipo amasungidwa ndi Banco de Moçambique. Otumizako nkhani za ngongole ndi mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama. Amene analembetsa dzina lanu ndiye woyenera kukalikonza; woweruza akatseka mlandu, yake yathera pafaelo. Kuchokera pa Lei n.º 6/2015, makampani omwe si aboma nawonso amaloledwa kusunga mbiri ya ngongole za anthu, choncho dzina lanu likhoza kupezeka malo oposa amodzi.

Mukalipira, ngongoleyo iyenera kusiya kuoneka ngati yosabwezedwa. Phindu lake ndi limenelo, ndipo si laling'ono, pakuti banki ikaona ngongole yodutsa nthawi yomwe ikadali yotsegula nthawi zambiri siwerenganso mapepala ena. Koma zoti munachedwa kulipira sizifufutika tsiku lomwelo, ndipo banki yomwe munakangana nayo ili ndi mabuku akeake omwe saiwala msanga. Palibenso lamulo loikakamiza kukubwereketsani kachiwiri.

Ngati amene munamukongola ndi munthu wamba, tinene wamalonda wa pamsika wa Ulónguè kapena mlamu wanu, ngongoleyo silowa mu CRC. Ntchito yanu ili kukhoti kokha, ndipo sitepe 2 ndi 10 mukhoza kuzilumpha.

Zoti mukhale nazo musananyamuke

- BI yanu yosatha ntchito, ndi NUIT
- Pepala lililonse lomwe linachokera kukhoti, ngakhale lothimbirira: citação (kalata yokudziwitsani kuti mwasumiridwa), notificação (chidziwitso) kapena sentença (chigamulo)
- Contrato ya ngongoleyo, ngati ikadalipo
- Malisiti onse a zomwe munaperekapo kale, kuphatikizapo mapepala a malipiro osonyeza zomwe ankakudulani
- Mapepala a katundu amene anagwidwa
- Fotokope ziwiri za pepala lililonse
- Kope ndi cholembera, zolembera tsiku ndi udindo wa munthu amene mwalankhula naye
- Ndalama ya chapa ya maulendo angapo, chifukwa izi sizitha tsiku limodzi

Musanatulutse ndalama

1. Pezani nambala ya mlandu ndi khoti lomwe uli.
Número do processo imalembedwa pamwamba pa pepala lililonse la kukhoti. Ngati mapepala anatayika, pitani ku cartório, ofesi yosunga mafaelo a khotilo, mutatenga BI, munene dzina la okudandaulani ndi chaka chomwe mukukumbukira. Milandu ya ndalama zochepa imakhala kukhoti la distrito, monga la Angónia kapena la Moatize; ya ndalama zambiri imapita ku Tribunal Judicial da Província de Tete. Funsani zinthu ziwiri: kodi panatsegulidwa execução, womwe ndi mlandu wokakamiza kulipira chigamulo chitaperekedwa, ndipo kodi pali katundu, akaunti kapena malipiro zomwe zili pa penhora, kutanthauza kuti khoti linazigwira chifukwa cha ngongoleyo?

Chenjezo: mu Januwale makhoti amakhala pa tchuthi ndipo nkhani ngati izi zimayenda pang'onopang'ono. Wochokera ku Furancungo kapena ku Tsangano asawononge ndalama ya ulendo mwezi umenewo.

2. Onani zomwe kaundula akunena za inu.
Muli ndi ufulu woona zomwe zinalembedwa m'dzina lanu. Funsani kubanki yanu kapena ku nthambi ya Banco de Moçambique mumzinda wa Tete, mutatenga BI ndi NUIT. Onani dzina la bungwe, kuchuluka kwa ndalama, ndiponso ngati mwalembedwa ngati mwini ngongole kapena ngati avalista, munthu wosainira mnzake kuti adzamulipirira akalephera. Pepala limeneli lisungeni. Ndi lomwe mudzafananitse ndi la pambuyo polipira.

Musadabwe mukapeza dzina la banki yomwe simunalowemo. Barclays inasanduka Absa mu 2019, Banco Terra inalowa mu Moza Banco, Banco Único inakhala Nedbank mu 2021. Ngongole imatsata mwini watsopanoyo. Ngakhale banki itatsekedwa, ngati mmene inachitira Nosso Banco mu 2016, ngongole za anthu sizifa nayo, zimatoleredwa ndi oikidwa kutseka mabuku ake.

3. Werengani zaka musanasaine chilichonse.
Apa ndi pomwe munthu wofulumira amataya ndalama zambiri. Código Civil imati ngongole yomwe khoti linagamula imatha mphamvu pakatha zaka 20. Chiwongoladzanja chili ndi nthawi yaifupi, zaka 5. Zimenezi amazitchula prescrição. Kwa munthu wa ngongole yakale, lamulo la zaka 5 ndi lomwe limagwira ntchito kawirikawiri, chifukwa chiwongoladzanja chomwe chaunjikana zaka khumi chikhoza kuposa ngongole yeniyeniyo, ndipo mwina gawo lina simukuyenera kulilipira.

Koma lamuloli lili ndi minga. Khoti silikuwerengerani lokha. Muyenera kulitchula inuyo. Nthawiyo imayambiranso pachiyambi mukavomera ngongoleyo pamaso pa mwini wake, ndipo kalata yopempha kulipira pang'onopang'ono ndi kuvomera kumene. Imadukanso pamene khoti lakupatsani citação, ndipo siyenda mlandu ukadali mkati. Ndipo mukalipira mwa kufuna kwanu ngongole yomwe inatha kale mphamvu, ndalamazo simungazitenganso.

Choncho musawerenge zakazi pa zala muli pakhonde. Tengani mapepala mupite ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya. Kawirikawiri amafuna atestado de pobreza, kalata yotsimikiza kuti ndinu osauka, yochokera kwa akuluakulu a dera lanu. Amene angathe alipire loya kwa ola limodzi lokha loona mapepala. Ine ndimaona kuti ndalama imeneyo ndi yomwe imagwira ntchito kuposa ina iliyonse pa nkhani yonseyi.

Kanthu kena kakang'ono: mapepala olembedwa isanafike Julaye 2006 ali m'ndalama yakale. Chotsani maziro atatu musanakomoke.

4. Pemphani chiwerengero cha ngongole cholembedwa.
Nambala yomwe ili pachigamulo si yomwe mulipire lero. Pawonjezeka chiwongoladzanja cha kuchedwa ndi custas, zomwe ndi ndalama za khoti. Lembani kalata kwa okukongozani yopempha kuti akugawireni: ngongole yeniyeni ndi zingati, chiwongoladzanja zingati, zina zingati, ndipo chiwerengerocho chikugwira ntchito mpaka tsiku liti. Fotokope yanu aidinde. Kenako fananitsani ndi malisiti anu. Aphunzitsi, anamwino ndi ena omwe ankadulidwa pamalipiro aonetsetse kuti mwezi uliwonse womwe anadulidwa wawerengedwa.

Dziwaninso mmene lamulo limagawira ndalama yosakwanira. Ikaperekedwa popanda pangano lina, imayamba kulipira zowonongedwa, kenako chiwongoladzanja, ndipo ngongole yeniyeni imakhala yomalizira. Tiyerekeze kuti munakongola 60.000 meticais ndipo chiwongoladzanja chafika 25.000. Mwagulitsa mbatata ya kachewere, mwakapereka 20.000. Inu mukuwerenga kuti zatsala 40.000. M'mabuku mwawo ngongole ikadali 60.000 yonse, ikuberekabe, ndipo pachiwongoladzanja patsala 5.000. Kuli ngati kutunga madzi m'dengu. Anthu amakhala zaka akupereka motere, ngongole osasuntha, mpaka kuyamba kuganiza kuti akuberedwa.

5. Kambiranani, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe.
Ngongole ikakhalitsa, mabungwe ambiri amalola kukambirana, makamaka mukabwera ndi ndalama yolipira kamodzi. Pemphani kuti akukhululukireni gawo la chiwongoladzanja. Amati perdão de juros. Akhoza kukana, koma kufunsa n'kwaulere. Akavomera, panganolo linene momveka kuchuluka kwa ndalama, tsiku lolipira, kuti mukalipira palibenso chotsala, kuti adzadziwitsa khoti, ndi kuti adzakonza CRC. Ngati mukulipira pang'onopang'ono, pemphani kuti alembe kuti ndalamayo ikuchotsedwa pa ngongole yeniyeni.

Chenjezo: mawu a pakamwa a wogwira ntchito pakauntala si pangano. Chaka chamawa adzakhala atasamutsidwira ku Chimoio. Pepala likhale ndi chizindikiro cha bungwe, chidindo, ndi siginecha ya amene ali ndi mphamvu yosaina.

Polipira

6. Lipirani m'njira yosiya umboni.
Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kulipira mwachindunji ku akaunti ya bungwe lomwe linakukongozani, nambala ya ngongole ndi ya mlandu zitalembedwa pa talão, lisiti la kubanki. Yachiwiri ndi kulipira kudzera kukhoti: ngati execução ili mkati, Código de Processo Civil imalola kuti inu, kapenanso munthu wina wokuthandizani, muimitse mlanduwo nthawi iliyonse polipira ngongole ndi custas. Mumapempha guia, pepala lolipirira, ku cartório, mumakalipira kubanki yomwe yalembedwa pamenepo, n'kubwezera umboni kufaelo. Njira yachiwiriyi ndi yabwino kwambiri pamene mwini ngongole akuzengereza, sakupezeka, kapena simukhulupirirana naye.

Musatumize ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola ku nambala ya munthu, ngakhale atanena kuti ndi wotolera ngongole wa banki kapena wa kukhoti. Musapereke ndalama m'manja mwa munthu pansi pa mtengo panja pa ofesi. Lisiti la makina limafufutika ndi kutentha kwa kuno, choncho lijambuleni pafoni ndi kupanga fotokope tsiku lomwelo.

7. Tengani kalata yoti ngongole yatha.
Dzina lake ndi declaração de quitação. Lamulo limakupatsani ufulu woifuna, moti mukhoza kukana kupereka ndalama ngati mwini ngongole akukana kukupatsani umboni woti walandira. Ikhale ndi dzina lanu monga lilili pa BI, NUIT, nambala ya ngongole, nambala ya mlandu, ndi mawu akuti palibe chotsala. Ngati ndi munthu wamba, pitani naye kwa notário akatsimikize siginecha yake.

Ambiri amaiwala livrança. Ili ndi pepala lija munasaina tsiku lotenga ngongole, nthawi zina lisanalembedwe kuchuluka kwa ndalama, ndipo palokha lili ndi mphamvu yotengera munthu kukhoti. Funsani komwe lili. Ngati lili kubanki akubwezereni kapena alembe kuti laphedwa. Ngati lili m'faelo ya kukhoti, kalata ya quitação itchule zimenezo.

Mutalipira: apa ndi pomwe ambiri amaimira

8. Tsekani mlandu kukhoti.
Lembani requerimento, kalata yopita kwa woweruza, yopempha kuti execução ithe chifukwa mwalipira, ndipo mulumikize fotokope ya quitação ndi ya talão. A IPAJ kapena loya angakulembereni. Iyenera kukhala m'Chipwitikizi. Faelo idzapita kwa wowerengera ndalama za khoti, ndipo mudzauzidwa custas zotsala. Zilipireni. Munthu amene walipira banki 85.000 koma wasiya custas zochepa amakhala ndi mlandu wotsegula ngati amene sanalipire kanthu.

Woweruza akalamula kuti mlandu watha, pemphani certidão, pepala la khoti lotsimikiza zimenezo. Musamangomva kuti "zatheka, bambo, pitani". Certidão ndi pepala lokhalo lomwe maofesi ena adzalemekeze. Tengani yeniyeni imodzi, mupangitse mafotokope otsimikizidwa kwa notário, ndipo yeniyeniyo isachoke m'nyumba.

9. Masulani zomwe zinagwidwa.
Mu requerimento yomweyo pemphani levantamento da penhora, kumasulidwa kwa zomwe zinagwidwa, kutchula chinthu chilichonse pachokhapachokha.

Malipiro: khoti likagwira malipiro, magawo awiri mwa atatu amatetezedwa ndi lamulo, koma gawo lachitatulo lidzadulidwabe mpaka abwana anu kapena ofesi yolipira italandira kalata yochokera kukhoti. Funsani tsiku lomwe kalatayo yatumizidwa, mupereke fotokope ya certidão ku ofesi yoona za antchito, ndipo muyang'ane pepala la malipiro a mwezi wotsatira. Zomwe zadulidwa mopitirira muzifunse polemba kalata.

Akaunti: banki simasula yokha popanda lamulo la khoti, ngakhale ikuona kuti mwalipira.

Galimoto kapena nyumba: penhora ndi chikole zimalembedwa ku conservatória, ofesi ya boma yolembetsa katundu, ndipo zimakhala pomwepo mpaka mutapita ndi certidão kukazifufutitsa. Nthaka yeniyeni ndi ya boma ndipo lamulo la nthaka la 1997 limaletsa kuigulitsa, kuiika chikole kapena kuigwira pa ngongole, koma nyumba yomangidwa pamenepo ndi nkhani ina.

10. Bwererani ku kaundula.
Kusintha sikuoneka tsiku lomwelo. Dikirani mwezi umodzi kapena iwiri, kenako pemphaninso pepala la CRC ndi kulifananitsa ndi lija la pa sitepe 2. Ngati ngongole ikuonekabe yosabwezedwa, lembani reclamação, kalata ya dandaulo, kubungwe lomwe linakulembetsani, mulumikize quitação ndi certidão, ndipo akupatseni umboni woti alandira. Akakhala chete kapena akayankha zosamveka, pitani ndi mapepala omwewo ku Banco de Moçambique, komwe amalandira madandaulo a makasitomala a mabanki. Yambani kubanki yanu, chifukwa ku Banco de Moçambique akakufunsani ngati munatero.

Funsaninso bungwelo ngati linatumiza dzina lanu ku kampani ina yosunga mbiri ya ngongole, kuti kumenekonso akonze. Ngati panali cheke chomwe chinabwerera chopanda ndalama, chimenecho chili ndi kaundula wakewake ku Banco de Moçambique ndipo chimafuna pempho lapadera.

Musaiwale avalista wanu. Munthu uja anakusainirani, kaya ndi achimwene anu kapena mnzanu wa kuntchito, dzina lake linadetsedwa limodzi ndi lanu, ndipo mwina wakhala akukanidwa ngongole osadziwa chifukwa. Mupatseni fotokope ya quitação kuti nayenso akaone mbiri yake.

11. Musathamangire kukongola kwina.
Lolani malipiro kapena ndalama ya zokolola idutse mu akaunti kwa miyezi ingapo kuti banki ione kayendedwe kake. Mukadzapempha, yambani ndi yochepa, mutenge certidão ndi quitação, ndipo nkhani yakaleyo muitchule nokha asanaipeze.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwabwerezedwa

Chachikulu ndi kulipira banki n'kusapitanso kukhoti, poganiza kuti loya wa bankiyo akanena. Mwina akanena, mwina faelo idzagona m'kabati zaka. Iye ndalama walandira kale. Wofuna dzina loyera ndi inu.

China ndi kukhulupirira kuti poti anasiya kuimba foni, ngongole inafa. Banki ikhoza kuchotsa ngongole m'mabuku ake a phindu itataya chiyembekezo, koma ufulu woitolera imakhala nawobe, ndipo dzina lanu limakhalabe pomwe linali.

Pali anthu amene amayendayenda pafupi ndi maofesi n'kumati ali ndi m'bale wawo "mkati" yemwe angafufute dzina pakompyuta mukawapatsa kangachepe. Ndalamayo yapita, ndipo mwadziika pa mlandu wa ziphuphu. Chimodzimodzi kukatenga ngongole m'dzina la akazi anu kapena la mwana wanu pothawa mbiri yanu: mukalephera, m'nyumbamo mudzakhala mayina awiri odetsedwa.

Ena amakatenga katapila kuti atseke ngongole ya kukhoti mwachangu. Chiwongoladzanja cha katapila cha mwezi umodzi chimaposa kutali chomwe mukuthawacho. Kuli bwino kugwirizana zolipira pang'onopang'ono, zolembedwa monga tanena pa sitepe 5.

Mayina osiyana pamapepala amavutitsanso kuno kumalire, komwe munthu mmodzi amalembedwa mwa kalembedwe ka Chipwitikizi pa BI koma mwa Chichewa pa contrato, kapena anasintha BI nambala n'kusintha. Quitação yolembedwa dzina losiyana ndi la pafaelo idzabwezedwa. Onani chilembo chilichonse musanachoke pakauntala.

Omwe amachita malonda mbali zonse ziwiri, kudzera pa Zóbuè kapena pa Calómuè, adziwe kuti Malawi ili ndi makhoti ndi akaundula akeake. Certidão ya ku Tete sikonza ngongole ya ku Dedza kapena ku Blantyre; imeneyo mukaitsekere komweko, ndi mapepala a komweko.

Chomaliza ndi kutaya mapepala nkhani ikatha. Ngongole zakale zimadzukanso banki ikasintha eni kapena makompyuta, ndipo tsiku limenelo adzakufunsani umboni, osati kukumbukira kwanu. Quitação, certidão ndi talão muziike m'pulasitiki kutali ndi chiswe, zithunzi zake muzitumize ku foni ya m'bale wanu mmodzi, ndipo muzisunge zaka 20.